Za Ana ndi Nkhalamba m'Nyumba ya Mulungu

 Mwezi uno tifuna kukamba nanu mlandu umene uli pa ife tonse, ndipo ife olemba ndife oyamba kutsutsika nawo. Musanapitirire, tsegulani Buku Lopatulika, muwerenge Eksodo 10:8-11 ndi Marko 10:13-16, pakuti mau athu atsamira pamenepo.

Chaka china, nyengo ya masika, tinapita kukachititsa mapemphero ku mudzi wina wa kutsidya kwa dambo, kumene kuli kachalichi ka zidina kofolera udzu. Anthu anadzaza ndithu. Titangoyamba kulalikira, mwana wa kumsana kwa mai wina anayamba kulira. Maiyo anamtembenuzira kutsogolo, namyamwitsa, koma mwana sanatonthole ai. Anthu anayamba kucheuka, ena kutsonya. Ndipo ife, poona kuti mau amene tinawakonza sabata lonse alikumira m'kulira kwa khanda, tinaleka kulalikira, ndi kunena pamaso pa onse kuti atuluke naye mwanayo. Mai uja anaimirira nkhope ili pansi, natuluka, ndipo ana ache awiri okulirapo anamtsata. Mkulu wina amene anakhala pakhomo ndi kamtengo kache anayesa kuti tampatsa mphamvu, natulutsanso ana ena amene analikunong'onezana. Tinatsiriza ulaliki m'nyumba muli zii, ndipo tinabwerera kwathu okondwa, tilikunena mumtima kuti lero Mau amveka.

Itapita miyezi 4 tinafikanso ku mudzi uja, koma maiyo sitinamuone ai. Pofunsa, anatiuza kuti chiyambire tsiku lija sanapondenso pakhomo pa chalichi. Tinapita kwao, tinampeza alikupeta mphale. Anatiyalira mphasa, natipatsa moni mwaulemu, ndipo pamene tinamfunsa anati, "Aphunzitsi, ine ndinamva kuti nyumba ija ndi ya anthu opanda ana. Akakula awa, ndidzabwera." Mau awa anatilasa mtima. Tinapepesa, ndipo iye anabwerera mumpingo. Koma mnyamata wache wamkulu, amene tsiku lija anali wa zaka ngati 10, kufikira lero tikali kumnyengerera. Iye anaona manyazi a amache, ndipo sanaiwale.

Chifukwa chache tinena poyera chimene tinaphunzira mochedwa: msonkhano wa anthu a Mulungu suli wathunthu ngati ana ali panja pansi pa mtengo wa mango, ndi nkhalamba zatsala kunyumba pakhonde.

Taonani nkhani ya Farao. Pamene miliri inamchulukira, iye anayamba kuchita malonda ndi Mose. Analola kuti amuna okha apite kukapembedza, koma ana atsale. Farao sanali wopusa ai. Anadziwa kuti munthu amene wasiya mwana wache m'Aigupto safika kutali. Anadziwanso kuti mbadwo umodzi ukatha, sipadzaonekanso wodziwa Yehova. Koma Mose anali atanena kale kuti ulendowo ndi wa onse, aang'ono ndi okalamba, ana aamuna ndi aakazi, ndipo sanabweze mau ache. Woipayo achita nafe malonda omwewo lero lino. Sakuletsa iwe kupita ku chalichi. Akuti, pita, ukaimbe, ukapereke chopereka chako, koma mnyamata atsale kubusa ndi mbuzi, mtsikana atsale alonde mapira kuti mbalame zingadye. Ndipo ife tivomera msanga, osazindikira kuti tagula mbuzi ndi moyo wa mwana.

Mukasanthula m'Malembo mudzapeza kuti Mulungu poitana anthu ache sanasiye ana. Pa Deuteronomo 31 Mose analamula kuti zikapita zaka 7 ziri zonse chilamulo chiwerengedwe pamaso pa amuna, akazi, ana ndi alendo, kuti ana amene sanachidziwe amve naphunzire kuopa Mulungu. Pa Yoswa 8, pamene Yoswa anawerenga chilamulo chonse ku phiri la Ebala, ana aang'ono analipo. Pa 2 Mbiri 20, pamene Amoabu ndi Aamoni anadzera nkhondo mfumu Yehosafati, Ayuda anaimirira kupemphera pamodzi ndi akazi ao ndi makanda ao. Mneneri Yoweli, dzombe litatha minda, anaitana akulu, ana, ndi oyamwa omwe, kuti asonkhane kulira kwa Mulungu. Ndipo Paulo, polemba kalata kwa Aefeso ndi kwa Akolose, atatha kulangiza amuna ndi akazi, anatembenukira kwa ana nalankhula nao maso ndi maso. Makalata aja anali kuwerengedwa mokweza mumsonkhano. Kodi Paulo akadalankhula ndi ana akadakhala kuti ali panja? Iai, anadziwa kuti ali momwemo, pambali pa makolo ao.

Koma chotsutsa ife koposa ndi machitidwe a Ambuye wathu mwini. Pamene anthu anadza ndi tiana kuti awakhudze, ophunzira anawakalipira. Musayese kuti ophunzirawo anali anthu ankhanza. Anayesa kuti alikumtumikira Mphunzitsi wao, kumtchinjiriza kuti angasokonezedwe pa ntchito yaikulu, monga momwe ife tinayesera tsiku lija ku mudzi wa kutsidya. Koma Marko atiuza kuti Yesu chinamuipira, ndipo mkwiyo wache sunagwere amai kapena ana, unagwera akulu a mpingo aja 12. Anawayangata anawo m'manja mwache, nawadalitsa, naonjeza kunena kuti wamkulu amene afuna kulowa mu Ufumu ayenera kuulandira monga aulandira mwana. Tsiku lina ana anapfuula m'Kachisi kumlemekeza, ndipo ansembe aakulu anapsa mtima ndi phokosolo. Koma Iye anawaikira anawo kumbuyo, monga muwerenga pa Mateyu 21. Ndiponso tsiku lija anadyetsa amuna 5,000, kamba amene anamchulukitsa anachokera m'thumba la kamnyamata, mikate 5 ndi tinsomba 2. Akadakhalapo mkulu wa kamtengo kuingitsa ana tsiku lija, Andreya akadampeza kuti mnyamatayo?

Tiganizenso za dziko lathu. Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17 miliyoni, ndi kuti theka lao, ndi kupitirira pang'ono, anali osafika zaka 18. Ndiko kunena kuti pa anthu 10 a m'mudzi mwanu, 5 ndi ana. Tsono mpingo umene upembedza wopanda ana wasiya theka la mudzi kunja kwa khomo, ndipo theka limenelo ndilo lidzatsala ife titagona kumanda.

Tidziwa kuti alipo abale okhulupirika amene ali ndi mau otsutsa, ndipo sitiwapeputsa ai. Tiyeni tiwamve mmodzi mmodzi.

Woyamba ati, "Ana samva kanthu, ulaliki ndi wa akulu." Nzoona kuti samva zonse. Kodi ife akulu timva zonse? Koma taonani umo mwana aphunzirira ntchito za pamudzi. Mtsikana agwira kamunsi pambali pa amache asanadziwe kuti ufa uchokera kuti. Mnyamata atsata atate wache kumunda ndi kakhasu, nakanda pansi, napasula mizere, koma atate samthamangitsa, pakuti adziwa kuti mlimi ayamba chomwecho. Chinenero chimene tilankhulachi palibe anatiphunzitsa ndi choko. Tinachiyamwa tili kumsana, pomva akulu alikulankhula. Kupemphera nakonso kuli chomwecho. Mwana amene aona atate wache, munthu amene iye amuopa, alikutsinzina ndi kuweramitsa mutu, waphunzira kuti alipo Wina woposa atate. Phunziro ili palibe mphunzitsi angathe kuliphunzitsa pansi pa mtengo. Makolo athu anati kuongola mtengo mpoyamba. Ndipo ngati ana samva, mlandu wina uli pa ife olalikira. Pa Nehemiya 8, pamene Ezara anawerenga chilamulo, Alevi anamasulira tanthauzo lache kuti anthu azindikire. Mlaliki amene atha kunena mau kuti mwana amve adzapeza kuti agogo ache omwe amva bwino koposa kale.

Wachiwiri ati, "Ana achita phokoso, ndipo nyumba ya Mulungu iyenera ulemu." Indetu iyenera ulemu, ndipo sitikuti ana athamangethamange m'chalichi monga pabwalo. Koma ulemu uphunziridwa m'katimo. Mwana amene amthamangitsa Lamulungu liri lonse aphunzira chinthu chimodzi chokha, kuti nyumba iyi simfuna. Tivomerenso cholakwa chathu: kawirikawiri mapemphero athu atalika osati chifukwa cha Mau, koma chifukwa cha zolengeza zosatha ndi kuwerenga maina a opereka, kufikira dzuwa lapendeka, mwana sanadye kanthu chiyambire m'mawa. Ku Trowa Paulo analalikira kufikira pakati pa usiku, ndipo mnyamata Utiko anagwidwa ndi tulo pazenera, nagwa pansi. Paulo sanamdzudzule ai. Analeka ulaliki wache, natsika, namfungatira. Mudzi umene mulibe kulira kwa mwana tiutcha bwinja. Tisafune kuti mpingo wathu ukhale chete monga bwinja.

Wachitatu ati, "Ana ali ndi Sande Sukulu yao, imeneyo ikwanira." Sande Sukulu ndi chinthu chabwino, ndipo tiyamika Mulungu chifukwa cha anyamata ndi amai amene aigwira popanda malipiro. Koma kumbukirani chiyambi chache. Robert Raikes, mwini nyuzipepala wa mumzinda wa Gloucester ku England, anaiyamba m'chaka cha 1780, poona ana aumphawi amene anali kugwira ntchito masiku 6 pa sabata, nangoyendayenda m'miseu tsiku la Mulungu. Anawasonkhanitsa kuti aphunzire kuwerenga ndi katekisma, ndipo masana ache anali kuwaperekeza ku chalichi kukapembedza pamodzi ndi anthu onse. Sukuluyo inali njira yolowera m'nyumba. Ife taisandutsa khola lotsekeramo ana kuti akulu apume. Ndipo chotsatira chache tichiona ndi maso: mwana akula zaka 12 kapena 13 osakhalapo m'mapemphero a akulu, nyimbo zache sazidziwa, Mgonero wa Ambuye sanauonepo, tsiku limene akula msinkhu woleka Sande Sukulu alowa m'chalichi ngati mlendo, nakhala masabata awiri kapena atatu, naleka. Pamenepo makolo adza kwa ife ndi misozi, nati, "Aphunzitsi, mwana wathu watayika." Koma ife tonse tinamphunzitsa kukhala panja.

Tisaiwalenso kuti Uthenga Wabwino unalowa m'midzi yambiri ya kuno kudzera mwa ana. Pamene amishoni anafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, ku Blantyre mu 1876, ndi ku Mvera mu 1889, ntchito imene anaigwira msanga inali sukulu, ndipo ana a sukuluwo ndiwo anatengera nyimbo ndi mavesi ku nyumba za makolo ao. Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa ku Blantyre m'chaka cha 1911, anayamba monga mwana wa sukulu ya mishoni. Kodi mpingo umene unabadwa mwa ana udzatsekera ana pakhomo?

Tsopano tinene za nkhalamba, pakuti mlandu wao ndi womwewo. Muwerenge 1 Samueli 3. Mau a Mulungu anadza usiku kwa Samueli akali mwana, asanamdziwe Yehova, ndipo iye sanazindikire womuitana. Eli anali wokalamba, maso ache atachita chidima, ndipo mauwo sanadze kwa iye. Koma ndiye anazindikira, namuuza mwanayo mayankhidwe ache. Mwana anali ndi makutu, nkhalamba inali ndi nzeru. Akadagona nyumba zosiyana, uthengawo ukadapita pachabe. Chomwechonso pamene Yesu anali khanda la masiku 40, makolo ache anapita naye ku Kachisi, ndipo amene anamzindikira anali Simeoni, amene anauzidwa kuti sadzafa asanaone Kristu, ndi Anna, wamasiye wokalamba kwambiri amene sanachoke ku Kachisi usana ndi usiku. Ndipo Paulo anakumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chache chinayamba mwa agogo ache Loisi, chinapitirira mwa amache Yunike, chisanafike kwa iye.

Nanga agogo athu ali kuti tsiku la Mulungu? Ena miyendo yafooka, ndipo ulendo wa ku chalichi wawatalikira. Ena makutu agontha. Akhala kumbuyo, samva kanthu, naleka kubwera. Ena maso achita ng'ala, ndipo palibe wowagwira dzanja, ngakhale ng'ala ndi nthenda imene madokotala aichotsa ku chipatala, munthu napenyanso. Ena achita manyazi ndi nsalu yao yong'ambika. Ife tipita, tiwasiya pakhonde, ndi kuwakumbukira tsiku la maliro ao, pamene tiimba usiku wonse nyimbo zimene iwo anazilakalaka ali moyo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mpingo wa anyamata okhaokha uyaka msanga, nupsa msanga. Ndipo pamodzi ndi nkhalamba tikumbukire opunduka, osaona, ndi mwana wa khunyu amene makolo ambisa m'nyumba. Khunyu siipatsirana ai, ndipo mwanayo ali ndi malo ache pamphasa monga anzache.

Tsono tichitenji? Tipempha mipingo yonse ya m'midzi iyese zinthu izi, zimene sizifuna ndalama.

Choyamba, makolo konzekani Loweruka. Madzi atungidwe, nkhuni zitoledwe, ndipo m'mawa ana adye phala kapena mbatata asananyamuke. Za mbuzi ndi za kulonda m'munda panganani mabanja oyandikana, muchite molandizana, ndipo akulu omwe alandire tsiku lao, kuti pasakhale mwana mmodzi amene atsala masabata onse a dzinja.

Chachiwiri, Sande Sukulu ichitike mapemphero asanayambe, kapena ana atuluke nthawi ya ulaliki yokha. Koma poimba, popemphera, powerenga Mau, pa ubatizo ndi pa mdalitso wotsiriza, akhale m'katimo. Tsiku la Mgonero aone ndi maso ao, kuti afunse tanthauzo lache, monga Mose ananeneratu pa Eksodo 12 kuti ana adzafunsa za Paskha.

Chachitatu, mwana akhale pafupi ndi munthu wamkulu womdziwa. Tikaunjika ana 40 pamphasa imodzi kutsogolo, ndi mkulu wa kamtengo pambali, tadzala phokoso ndi manja athu. Atate, tengani ana anu aamuna ku mbali yanu. Musasiyire amai katundu yense. Ndipo mwana wamasiye, kapena amene makolo ache sapemphera, asasowe womkhazika pambali, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kamtengo kaja katsale kunyumba.

Chachinai, khanda likalira, mai asachite mantha. Aliyamwitse pomwepo, kapena atuluke pang'ono pakhonde nabwerenso, ndipo pasakhale wocheuka kapena wotsonya. Mai wina amene ana ache anakula amthandize kugwira enawo. Ndipo ife olalikira tikweze mau, tipitirire.

Chachisanu, ana apatsidwe ntchito. Wina anene vesi limene waloweza, wina wodziwa kuwerenga awerenge Salmo, ena ayale mphasa. Chopereka mwana aponye ndi dzanja lache, kangakhale kandalama kakang'ono, chisononkho cha chimanga kapena dzira. Mlaliki akhale ndi mau ochepa olunjika kwa ana, ndi fanizo la zinthu zimene azidziwa, ndipo zolengeza zifupike.

Chachisanu ndi chimodzi, akulu a mpingo alembe maina a nkhalamba ndi odwala onse a m'dera lao. Anyamata amene ali ndi njinga kapena ngolo akawatenge. Akhale kutsogolo, kumene mau amveka. Nthawi zina nkhalamba ipemphedwe kupemphera, kapena kusimbira ana umo Mulungu anaisungira m'zaka za njala, monga ya 1949 ndi ya 2002. Ndipo amene sangathe konse kunyamuka, mpingo upite kwao masana, ana omwe, kukaimba pakhomo pao.

Chotsiriza, pobwera ku chalichi, pamene mwazinga mbale ya nsima, funsani mwana chimene wamva. Angakhale anene mau amodzi okha, myamikireni. Mudzadabwa kuona zimene analikutola pamene inu munayesa kuti alikusewera ndi chala m'dothi.

Abale, tsiku limene tinaimirira ndi makanda athu pamaso pa mbusa kuti abatizidwe, tinalonjeza kuwalera m'kuopa Mulungu, ndipo mpingo wonse unali mboni. Tsiku lomwelo tinavomera kuti iwo ali a m'nyumba. Sitingathe kuwalandira ndi madzi Lamulungu lino, ndi kuwaingitsa ndi kamtengo Lamulungu linalo. Ife tinalakwa chomwecho kamodzi, ndipo mnyamata uja sanabwerebe. Timpempherera masiku onse, ndipo tikupemphani mutithandize kumpempherera. Koma inu musadikire kuti muphunzire ndi misozi monga ife. Lamulungu likudzali, belu likalira, yang'anani m'nyumba mwanu musanatseke chitseko, muone amene watsala, wamng'ono kapena wamkulu, ndipo mumgwire dzanja.

Mbusa Wabwino, amene anyamula ana a nkhosa, nayenda pang'onopang'ono ndi zofooka, atikhululukire kuuma mtima kwathu, natisonkhanitse tonse m'khola lache, osasowa ndi mmodzi yemwe. Amen.